KUKULITSA SILINDA YA SOWO YA INJINI: KODI KULI PHINDU?

Mau a Mlangizi wa Zaulimi, monga anaulutsidwa pa wailesi m'nthawi ya alimi



Lero sindinena za mbeu kapena za feteleza ai. Ndifuna kuti tikambirane za sowo ya injini, imene pa Chingerezi amati chainsaw. Masowo amenewa afika m'midzi yambiri tsopano. Ena mwa inu munagula nokha kuti muzicheka bulugama wanu, ena munasonkherana m'kalabu, ndipo ena mumalipira mwini sowo kuti akuchekereni matabwa a denga, nsichi za chigafa kapena nkhuni zootchera njerwa. Chotero nkhani iyi ikhudza ambiri, ngakhale amene sanagwirepo sowo m'manja.

Poyenda m'dera langa ndimafunsidwa funso limodzi kawirikawiri. Munthu amati, "Alangizi, makaniko wandiuza kuti ndichotse silinda ya sowo yanga ndiikemo yaikulu, imene akuti big bore, kuti sowo ikhale yamphamvu. Kodi ndigule?" Yankho langa ndilinena poyamba pomwe pano, kuti amene mabatire ao ali pafupi kutha alimve. Ngati silinda yanu iri bwino, sungani ndalama zanu. Ngati yafa, mukhoza kugula yaikuluyo, koma muyambe mwapeza chimene chinapha yakaleyo. Mukapanda kutero, yatsopano idzafa imfa yomweyo. Tsono tiyeni tione chifukwa chake.

M'MENE INJINI IMAGWIRIRA NCHITO

Masowo awa anayamba kale. Andreas Stihl wa ku Germany anapanga sowo yoyendera magetsi mu 1926 ndi ya petulo mu 1929, ndipo a Husqvarna a ku Sweden anayamba kupanga ao mu 1959. Maina awiri amenewa ndiwo mumawamva kwambiri, ndipo ndiwo nditengepo zitsanzo.

M'kati mwa injini muli chitsulo chobooka ngati mtondo wozondotsa. Chimenechi ndicho silinda. M'menemo mumayenda pisitoni, kukwera ndi kutsika ngati munsi. Pisitoni ikakwera imapanikiza mpweya wosakanizika ndi petulo, pulagi imayatsa moto, ndipo kuphulika kwake kumakankha pisitoni pansi. Kukankha kumeneko ndiko kumayendetsa tcheni. Sowo ikamalira ndi mphamvu yonse, pisitoni imakwera ndi kutsika koposa ka 12,000 pa mphindi imodzi, ndiye kuti ka 200 pa sekondi.

Pali zinthu ziwiri zimene muyenera kuzisunga m'mutu. Choyamba, injini iyi ilibe mosungira oilo monga ya galimoto kapena ya chigayo. Oilo wofewetsa pisitoni amalowa pamodzi ndi petulo, ndicho chifukwa chake mumasakaniza. Thanki ina ya oilo imene mumaiona pa sowo ndi ya tcheni chabe, oilo wake safika ku pisitoni. Chachiwiri, injini iyi ilibe madzi oiziziritsa. Imazizira ndi mphepo yopita pakati pa timapiko ta silinda, ndiponso ndi petulo yemweyo amene akulowa. Chotero petulo akachepa, oilo amachepanso, ndipo kutentha kumakula.

Silinda ndi ya aluminiyamu, chitsulo chofewa chonga cha mapoto. M'kati mwake anamatamo chitsulo china cholimba, chopyapyala ngati pepala, chimene pisitoni imakhulapo. Ukachipala chimenecho silinda yatha nchito. Ichi ndicho chifukwa chake silinda ya sowo sangaikulitse poiboola monga amachitira ndi injini zina. Wofuna bowo lalikulu ayenera kugula silinda ina yathunthu.

KUKULA KWAKE NKOTANI?

M'bokosi la big bore mumapezeka silinda, pisitoni yoyenerana nayo, maring'i, kachitsulo kolumikiza pisitoni, ndi timawaya tiwiri totsekera kachitsuloko. Ulendo wa pisitoni, kuchoka pansi kufika pamwamba, susintha ai. Chosintha ndi kukula kwa bowo kokha, ndipo kawirikawiri amaonjezera mamilimita 2.

Amene muli ndi pensulo lembani. Kukula kwa injini amakuyesa ndi muyeso wotchedwa cc, ndipo supuni yaing'ono ya tiyi imalowa 5 cc. Sowo ya Stihl MS 440 ndi ya Husqvarna 372XP ziri ndi bowo la mamilimita 50, ndipo injini yake ndi 70.7 cc. Mukaika silinda ya mamilimita 52 imafika 76.5 cc. Mwaonjezera 5.8 cc, supuni imodzi ya tiyi ndi kadontho. Sowo yaikulu ya Stihl MS 660 iri ndi bowo la mamilimita 54 ndi 91.6 cc. Mukaika ya mamilimita 56 imafika 98.5 cc. Pa masowo onsewa kuonjezera kwake ndi magawo 8 pa 100, kapena kuchepera pang'ono. Munthu amene amakolola matumba 100 akakolola 108 amakondwa ndithu, koma sanena kuti wapeza munda wachiwiri.

Kumene kusiyana kumaoneka kwambiri ndi pa Husqvarna 61, imene iri ndi bowo la mamilimita 48 ndi 61.5 cc. Amakaniko ena amaikamo silinda ya mkulu wake, 272XP, ya mamilimita 52 ndi 72.2 cc. Koma pamenepo si silinda yokha imene imasintha nthawi zonse. Zitsulo zina zozungulira silinda sizigwirizana pa masowo ena, ndipo ziyenera kugulidwanso. Funsani zonse musanatulutse ndalama.

Tsono mvetsetsani ichi. Kukula kwa bowo sikutanthauza kuti mphamvu yakula chimodzimodzi. Masilinda ambiri a big bore sapangidwa ndi eni sowo, amapangidwa ndi mafakitale ena, ndipo alipo abwino, alipo oipa. Mphamvu ya injini imadalira kwambiri pa mazenera a m'silinda, amene mpweya umalowera ndi utsi umatulukira, kuti akhale pa malo ake enieni. Imadaliranso kupanikiza kwa pisitoni. Silinda yaikulu yopangidwa mosasamala ikhoza kukhala yofooka kuposa yaing'ono imene inabwera ndi sowo.

Kumbukiraninso kuti walira mvula walira matope. Injini yaikulu imamwa petulo wambiri ndipo imatentha kwambiri. Pisitoni yaikulu ndi yolemerapo, ndipo imalemetsa mabering'i a pansi amene anapangidwira yaing'ono. Ngati sowo yanu ndi yatsopano ndipo ikali ndi chitsimikizo cha kumene munagula, kuikamo zitsulo zachilendo kumathetsa chitsimikizo chimenecho.

CHIMENE CHIMAPHA SILINDA

Ndikuuzeni za mlimi wina wa m'dera langa, dzina lake sinditchula. Sowo yake inayamba kulira mokweza ngakhale asanagwire chala pa moto, ndipo tcheni chinali kuyenda chokha sowo iri pansi. Iye anati sowo yakondwa. Tsiku lina akucheka chipika cha bulugama injini inazima mwadzidzidzi, ndipo chingwe choyatsira chinakana kukoka. Makaniko atatsegula anapeza pisitoni yakandikakandika. Mlimiyo anagulitsa soya wake nagula silinda yaikulu. Lolemba inagwira nchito, Lachiwiri inagwira, Lachitatu masana inaumanso. Pamenepo ndipo anayamba kufufuza, napeza kuti kamphira kolumikiza kabureta ndi silinda kanang'aluka. Kamphira kameneko mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi silinda, koma kanadya masilinda awiri ndi soya wa chaka chonse. Akulu anati safunsa anadya phula.

Chinachitika nchiyani? Kabureta imayesa petulo molingana ndi mpweya wopita mwa iyo. Mpweya wina ukalowera pa mng'alu, kabureta siudziwa. Injini imalandira mpweya wambiri ndi petulo wochepa, imathamanga kopitirira, imatentha, ndipo pisitoni imayamba kusungunuka ndi kumata pa khoma la silinda. Kulira kokweza kuja sikunali kukondwa ai, kunali kudandaula.

Adani a silinda ndi asanu, ndipo ndiwatchula mmodzimmodzi.

Woyamba ndi mpweya wolowera pambali, monga ndanena. Umalowera pa kamphira ka kabureta, pa kapaipi kakang'ono kopita ku kabureta, pa gasiketi ya pansi pa silinda, kapena pa timphira totseka mbali ziwiri za crankshaft, timene amakaniko amati masilo.

Wachiwiri ndi kusakaniza koipa. Eni masowo awa amati oilo wao wabwino asakanizidwe gawo 1 pa magawo 50 a petulo, ndiye kuti mamililita 100 m'malita 5. Yesani ndi kabotolo kokhala ndi mizere, musamangothira ndi maso. Oilo akhale wa injini zosakaniza, amene pa botolo pake alemba 2T kapena two-stroke. Wa galimoto sayenera, ndipo inu a kunyanja dziwani kuti wa injini za mabwato sayeneranso, pakuti zimenezo zimazizira ndi madzi ndipo sizitentha ngati sowo. Masilinda ambiri amafa tsiku limene sowo yabwerekedwa, wobwereka nathiramo petulo wopanda oilo.

Wachitatu ndi petulo wogonera. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene anayamba kumpanga ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo akakhalitsa amaumitsa timapaipi ta mphira. Musasunge petulo wosakaniza kupitirira mwezi umodzi, ndipo gwedezani chigubu musanathire. Mukafuna kuika sowo padera nthawi yaitali, khuthulani thanki ndi kuiliza kufikira izime yokha.

Wachinai ndi fumbi. Sefa ya mpweya ikang'ambika, fumbi ndi utuchi zimalowa ndi kupala pisitoni ngati mchenga wotsukira mapoto. Utuchi ukadzaza pakati pa timapiko ta silinda, mphepo sipita ndipo injini imapsya.

Wachisanu ndi tcheni chobuntha. Chimenechi ndibwerezanso patsogolo.

MUSANAGULE

Uzani makaniko amasule chotulutsira utsi, ndipo suzumirani nokha pa zenera la silinda akukoka chingwe pang'onopang'ono. Pisitoni yabwino ndi yosalala. Ngati iri ndi mikwingwirima yotsika kumbali ya utsi, imeneyo ndi nchito ya kutentha. Ngati atamasula zonse mupeza kuti yatha kumbali ya kabureta, yaoneka yopekeseka, limenelo ndi fumbi. Pulagi nayo imachitira umboni. Yofiirira ngati tiyi wamkaka iri bwino, yoyera mbuu ikunena kuti petulo anali kuchepa.

Musafulumire kutaya silinda yakale. Nthawi zambiri zimene zimaoneka ngati zipsera pa khoma lake ndi aluminiyamu wa pisitoni amene anangomatapo. Makaniko woleza mtima akhoza kumchotsa, ndipo ngati chitsulo cholimba cha pansi pake sichinakumbike, kotero kuti chikhadabo sichikodwa poyendetsapo, mungogula pisitoni ndi maring'i basi. Silinda ya eni sowo yotsukidwa bwino kawirikawiri imaposa yachilendo yatsopano.

Ngati silinda yafadi, pamenepo ndipo big bore ikhoza kukhala nzeru, pakuti mtengo wake umachepa poyerekeza ndi silinda ya eni sowo. Koma nenani kwa makaniko kuti ayambe wayesa injini ngati ikutaya mpweya. Amatseka mazenera onse, napopera mpweya m'kati ndi kapampu kokhala ndi wochi, kufikira theka la bar, naona ngati muvi ukutsika. Akatero amakokanso mpweya kuti aone masilo. Ngati alibe kapampu, asinthe masilo, kamphira ka kabureta ndi timapaipi tonse, asachite kuyerekeza. Agwedezenso chitsulo chogwira pisitoni. Chikamasewera kukwera ndi kutsika, mabering'i a pansi atha, ndipo kuika silinda yaikulu pamenepo kuli ngati kusenzetsa nkhalamba thumba la chimanga.

Pogula tengani silinda yakale m'manja, ndipo lembani nambala ya sowo yanu. Tsegulani bokosi pomwepo. Khoma la m'kati likhale losalala, lopanda malo osupuka. Yendetsani chala m'mphepete mwa mazenera. Akakhala akuthwa ngati mpeni adzakola ring'i ndi kuithyola, chotero makaniko ayenera kuwasalaza asanamange. Onaninso ngati mabowo a mabauti akulingana ndi a yakale.

POMANGA

Nchito iyi ndi ya makaniko, koma mwini sowo akhale pomwepo. Tsukani sowo yonse musanatsegule, ndipo musamangire pa dothi, yalani thumba loyera pa tebulo. Silinda ikachoka, tsekani bowo la pansi ndi kansalu koyera kuti kanthu kasagweremo.

Pa mutu wa pisitoni pali kamuvi. Kamuvi kameneko kaloze kumene utsi umatulukira. Timawaya tiwiri totsekera tikhale tatsopano, ndipo tikhazikike bwino m'ngalande zake, kukamwa kwake kutaloza kumwamba kapena pansi, osati cham'mbali. Kawaya kamodzi kakatuluka injini ikulira, silinda yatsopano imaonongeka nthawi yomweyo. M'ngalande ya ring'i iri yonse muli kamsomali kakang'ono, ndipo nsonga ziwiri za ring'i zikumane pa kamsomaliko. Pakani oilo wosakanizira pa pisitoni ndi m'silinda. Silinda itsike ndi manja okha. Mukaona makaniko akutenga nyundo, mletseni.

Chinthu china chimene ambiri amachidumpha ndi mpata wa pakati pa mutu wa pisitoni ndi denga la silinda, m'mphepete mwake. Mpata umenewu usachepere theka la milimita. Amauyesa polowetsa waya wofewa wa mtovu, uja amaotcherera nao mawailesi, pa bowo la pulagi, nazunguza injini ndi dzanja kuti pisitoni iuphwanye, ndipo amayesa kuphwanyika kwake. Mpata ukachepa, pisitoni idzagunda denga. Ukakula kwambiri, mphamvu imene munaigula ija yapita. Gasiketi ikhale yatsopano, ndipo mabauti anai amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono, osati limodzi kulimbitsiratu.

KUCHUNA KABURETA

Apa ndi pamene masilinda ambiri atsopano amafera. Injini yakula, ndipo ikufuna petulo woonjezera, koma kabureta ikali kupatsa muyeso wakale. Pa kabureta pali timasikuluu titatu. Ka L ndi ka petulo wa pamene injini ikulira pang'ono. Ka H ndi ka petulo wa pamene ikulira ndi mphamvu yonse. Kachitatu, kamene a Stihl amalemba LA ndipo a Husqvarna amalemba T, ndi kokweza kapena kutsitsa kulira kwa sowo ikakhala pansi. Kumasula ka H kumaonjezera petulo, kumanga kumachepetsa. Silinda yatsopano iyambe ndi petulo wochulukirapo pang'ono.

Khutu lanu likhoza kukuthandizani. Sefa ikhale yoyera, injini itenthe, ndipo tcheni chikhale pa malo pake. Mukapatsa moto wonse kanthawi kochepa sowo isanakhudze mtengo, iyenera kulira ndi mau osasa pang'ono, ngati munthu wa chimfine. Ikalowa mu mtengo mau aja amayera. Imeneyo iri bwino. Koma ikamalira mosalala ndi mokweza ngati udzudzu isanakhudze mtengo, zimitsani msanga, petulo akuchepa. Anyamata ambiri amakonda kulira kumeneko chifukwa kumamveka kwaukali, ndipo amamanga ka H dala. Kumeneko ndi kupha sowo ya abwana ao. Masowo ena atsopano, olembedwa M-Tronic kapena AutoTune, amadzichuna okha ndipo alibe timasikuluu ta H ndi L. Amenewo apite kwa makaniko wowadziwa.

Matanki atatu oyamba musailize ndi moto wonse isali mu mtengo, ndipo yambani ndi kudula nkhuni ndi mitengo yaing'ono, osati kung'amba matabwa. Mphamvu yake yeniyeni imabwera itatha matanki angapo, maring'i atakhazikika. Likatha tsiku loyamba, injini itazizira, onani pulagi ndi kuyesa mabauti ngati sanamasuke.

MPHAMVU YOTSIKA MTENGO IRI MU TUPA

Ndinati ndibwereza za tcheni. Mwa masowo amene eni ake amandidandaulira kuti alibe mphamvu, ambiri bvuto lao liri pa mano. Yang'anani zimene sowo ikutaya. Tcheni chakuthwa chimataya tizipalapasa, ndipo chimadzikoka chokha kulowa mu mtengo. Chobuntha chimataya utuchi wosalala ngati ufa, ndipo wocheka amachita kukanikiza ndi thupi lonse. Kukanikiza kumeneko kumatenthetsa injini, kumamaliza petulo, ndipo kumatopetsa munthu. Nolani pang'ono nthawi iri yonse pamene mukuthira petulo, ndi tupa wobulungira woyenerana ndi tcheni chanu. Kutsogolo kwa dzino liri lonse kuli kachitsulo koletsa dzino kuluma kwambiri. Mano akamafupika ndi kunola, kachitsulo kameneko katsitsidwenso, kakhale pansi pa nsonga ya dzino ndi mamilimita 0.65. Podula mopingasa mano amanoledwa mopendeka madigiri 30, koma pong'amba matabwa motsata mtengo amanoledwa madigiri 10. Chotsani makungwa a dothi musanacheke, ndipo tcheni chisakhudze pansi.

Kung'amba matabwa ndiyo nchito yolemetsa kuposa zonse, pakuti injini imalira ndi moto wonse nthawi yaitali. Mukatha thabwa limodzi, isiyeni ilire pang'onopang'ono kanthawi kuti izizire musanazimitse. Tupa, sefa yoyera ndi oilo wabwino zidzakupatsani zambiri kuposa supuni ya tiyi ija.

Za chitetezo ndinena mwachidule. Sowo ikakula mphamvu, kudumpha kwake kumakulanso. Nsonga ya kumwamba ya chitsulo chimene tcheni chimayendapo ikagunda kanthu, sowo imabwerera kumaso kwa wocheka asanaphethire. Buleki ya tcheni ikhale yogwira nchito, musaichotse. Gwirani ndi manja awiri, bvalani nsapato zolimba, tsekani makutu ndi maso, musacheke muli nokha m'thengo, musacheke mutamwa, ndipo ana akhale kutali.

MAU KWA MAFUMU NDI ANYAKWAWA

Tsono ndilankhule ndi inu eni midzi, mundikhululukire ngati ndichulutsa. Mtengo umene anthu awiri ocheka pa dzenje ankalimbana nao masiku angapo, sowo ya injini imaumaliza dzuwa lisanapendeke. Mbawa kapena mlombwa umene unamera agogo anu ali ana ukhoza kugwa inu mukali ku maliro. Ndiponso sowo iyi imadya pafupifupi sentimita imodzi ya mtengo pa thabwa liri lonse, chotero gawo lalikulu la chipika limasanduka utuchi. Mwini sowo amene wakongola ndalama kuti akulitse injini adzafuna mitengo yambiri kuti abweze ngongole, ndipo mitengo imeneyo iri m'dziko lanu.

Nkhalango za m'midzi zinaikidwa m'manja mwa mafumu kuyambira 1926. Lamulo la nkhalango la 1997 linakhazikitsa makomiti a m'midzi osamala zachilengedwe, ndipo mu 2020 linakonzedwanso ndi zilango zokulirapo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mlendo akafika ndi sowo m'mudzi mwanu, mfunseni mitengo imene wadzadula, mwini wake ndani, ndipo ngati ndi mitengo yachilengedwe, aonetse chilolezo chochokera kwa a zankhalango. Mukakaika, tumani mthenga ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu mtengo usanagwe. Mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, ya pa akasupe ndi ya kumanda isakhudzidwe. Sowo ipite ku bulugama ndi paini wobzala anthu. Bulugama adulidwe m'munsi ndi mopendeka kuti madzi asakhale pa chitsa, ndipo adzaphukanso. Amene wadula abzale ina mvula ikagwa, ndipo inu muone kuti wabzaladi.

ZOTI MUKUMBUKIRE

Ndibwereze mwachidule. Silinda yaikulu imaonjezera pang'ono chabe, ndipo yopangidwa moipa sionjezera kanthu. Silinda yabwino musaichotse. Ikafa, pezani chimene chaipha, ndipo onani ngati ingatsukidwe. Mukagula yaikulu, iyang'aneni pogula, khalani pomwepo pomanga, ndipo kabureta ichunidwe kuti ipatse petulo wokwanira. Sakanizani ndi muyeso, tsukani sefa, nolani tcheni. Mlimi uja ndinakuuzani tsopano ali ndi silinda yachitatu, ya muyeso wakale, ndipo amayenda ndi tupa m'thumba la malaya. Chaka chino soya wake wagulira malata.

Amene muli ndi mafunso, kaonaneni ndi mlangizi wa m'dera lanu, kapena lembani kalata kuno ku wailesi. Mlungu wamawa nthawi yomweyi tidzakambirana za kufesa mbeu za mitengo m'nazale.